Munthu wa psoriasis, hs-CRP yakwera: kodi ndi mtima kapena ndi khungu lomwelo?

Mwale_CO analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni kumasulira zotsatira za magazi izi.

Wodwala ndi bambo wa zaka 46, ndipo psoriasis, nthenda ya khungu yokhalitsa, wakhala nayo zaka 12. Zigamba za mamba zili m'zigongono, m'mawondo, kumsana ndi m'mutu. Poyeza ndi chikhatho chake, zikukwana zikhatho pafupifupi 15. Amasuta, ndipo mowa amamwako Loweruka ndi Lamlungu. Mimba ndi 104 cm poyeza pa mchombo. BP inali 148/92, koma tayeza kamodzi kokha. Ali pa ma ARV a TLD (tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir), viral load sikuoneka, ndipo amamwa Bactrim tsiku lililonse. Mankhwala opaka akanika, ndiye pali maganizo omuyambitsa methotrexate, mankhwala akumwa a psoriasis yaikulu.

Magazi anatuluka motere: hs-CRP 7.8 mg/L ndi ESR 38 (miyeso ya kutupa m'thupi), Hb 11.2 (kuchuluka kwa magazi), neutrophil 2.1 ndi lymphocyte 1.9 (maselo oyera), platelet 210. Cholesterol yonse 4.6, HDL (cholesterol yabwino) 0.9, triglyceride (mafuta ena a m'magazi) 2.4, zonsezi mu mmol/L. Shuga wa m'mawa asanadye 6.3. ALT 52 ndi AST 41 (za chiwindi), uric acid 470, creatinine 98 (ya impso).

Kodi hs-CRP ya 7.8 ikunena za mtima kapena za khungu? Cholesterol ya 4.6 ikuoneka yabwinobwino, nanga statin, mankhwala otsitsa cholesterol, akufunikadi? Ndipo pali china chimene ndiyenera kuyeza methotrexate asanayambe?

Nabanda_Labu anayankha:

A Mwale, ine ndikhudza mbali ya ku labu, za mankhwala azinena eni ake.

CRP ili ngati galu wouwa usiku. Amakuuzani kuti panja pali chinthu, koma sanena ngati ndi fisi, wakuba kapena mbuzi ya aneba. Chiwindi chimapanga puloteni imeneyi chikalandira uthenga wa IL-6, puloteni imene maselo amatulutsa pakakhala kutupa, ndipo sichifunsa kumene uthengawo wachokera. Malungo amaikweza, TB imaikweza, dzino lobowoka, chilonda cha pamwendo, utsi wa fodya, mafuta a pamimba, HIV ngakhale viral load itatsika, mapiritsi olera a estrogen kwa amayi, komanso khungu la psoriasis lenilenilo. Bambo wanuyu ali ndi zifukwa zinayi pa zimenezi tisanafufuze n'komwe matenda ena. Choncho 7.8 payokha singalozere mtima.

Imayamba kukwera patatha maola ngati 6 chichitikire vuto, imafika pachimake pa maola 48, ndipo choyambitsacho chikachoka imatsika ndi theka pa maola 19 alionse. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene anali ndi chimfine kapena malungo sabata yatha angakupatseni nambala yosiyana kwambiri ndi ya masabata awiri akubwerawa. Njira imene American Heart Association ndi CDC anakhazikitsa mu 2003 ndi iyi: yezani kawiri, motalikirana masabata awiri, munthu ali bwinobwino, kenako mutenge pakati pa nambala ziwirizo. Pansi pa 1 mg/L chiopsezo n'chochepa, 1 mpaka 3 n'chapakati, kupitirira 3 n'chachikulu. Ikadutsa 10, nambalayo musaigwiritse ntchito pa nkhani ya mtima. Fufuzani kaye matenda, muchize, mubwereze. Koma dziwani kuti malire amenewa anachokera mwa anthu opanda nthenda yotupitsa thupi nthawi zonse. Munthu amene chigawo chachikulu cha khungu lake chili ndi psoriasis angakhale pamwamba pa 3 chaka chonse.

Muonenso pepalalo bwino pa zinthu ziwiri. Choyamba, CRP wamba ndi hs-CRP ndi puloteni imodzi, kusiyana kuli pa makina. Njira yosakaniza pa kagalasi, ija yongoti positive kapena negative, imayamba kuona pa 6 mg/L, ndiye pa nkhani ya mtima ilibe ntchito. Chachiwiri, ma labu ena amalemba mu mg/dL. 0.78 mg/dL ndi 7.8 mg/L ndi chinthu chimodzi, ndipo anthu ambiri asocherapo pamenepa, kuyesa kuti nambala ndi yotsika pamene ili yokwera kakhumi.

ESR ya 38 musaidalire kwambiri. Kwa mwamuna, malire ake ndi zaka zake kugawa pawiri, ndiye kwa iye ndi 23. Kwa mkazi mumaonjezera 10 pa zaka zake musanagawe. Yakweradi, koma Hb ya 11.2 yokha ikwanira kuikankha, chifukwa maselo ofiira akachepa amamira msanga. HIV nayo imachulukitsa ma immunoglobulin amene amamatitsa maselowo. Ndiye pali zolakwika za pa tebulo: chubu chikapendekeka pang'ono chabe nambala imakwera, chipinda chikatentha imakwera, magazi akakhala maola opitirira anayi asanathiridwe mu chubu imatsika. Kwa ine funso lalikulu pa pepalali si ESR ayi, koma chifukwa chimene mwamuna wa zaka 46 ali ndi Hb ya 11.2. Onani MCV, kukula kwa maselo ofiira. Ikakhala yaikulu, ganizirani za folate, mowa ndi Bactrim, ndipo khungu lofundula mamba tsiku ndi tsiku nalo limadya folate. Ikakhala yaing'ono, funsani za kutaya magazi m'mimba, makamaka ngati amamwa brufen kapena diclofenac chifukwa cha kuphwanya m'mfundo. Ferritin, muyeso wa iron wosungidwa m'thupi, imakwera thupi likamatupa, choncho ferritin yooneka yabwino siitsimikiza kuti iron alipo wokwanira.

Pa shuga, funsani kuti magaziwo anatengedwa mu chubu chanji. Mu chubu chopanda fluoride maselo amapitiriza kudya shuga, ndipo amatsika ndi 5 mpaka 7 peresenti pa ola lililonse. Ngati 6.3 inatuluka m'magazi amene anayenda maola atatu pa njinga yamoto asanapatulidwe, nambala yeniyeni ingathe kufika pa 7.0, pamene timati ndi matenda a shuga. Bwerezani mu chubu cha chivundikiro chotuwa, munthu atakhala maola 8 osadya. HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ingathandize, malire ake ndi 6.5 peresenti, koma mwa munthu wochepa magazi ndiponso wa HIV imanama. Kuchepa kwa iron kumaikweza, kusweka kwa maselo ofiira kapena kuikidwa magazi posachedwa kumaitsitsa, ndipo mwa anthu a HIV nthawi zambiri imaonetsa nambala yotsikirapo kuposa shuga weniweni.

Phiri_Mtima anayankha:

Mayi Nabanda anena zoona, ndipo ine ndionjeza kuti hs-CRP ya bamboyu, kaya itsike kufika 3 kaya ikhale pa 8, sindikuona chimene ingasinthe pa chithandizo chake. Zimene zikumuika pa chiopsezo zaoneka kale popanda makina odula.

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhani ya mtima imabwera pa nthenda ya khungu. Mu 2006, Joel Gelfand ndi anzake anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya JAMA kafukufuku wochokera m'mabuku a madokotala a ku Britain. Anapeza kuti munthu wa zaka 30 wa psoriasis yaikulu anali ndi chiopsezo chotsekeka mitsempha ya mtima chochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi mnzake wopanda nthendayi. Kwa wa zaka 60 chinali chochuluka ka 1.36. Kwa a psoriasis yochepa kusiyanako kunali kwakung'ono. Maselo ndi ma cytokine (mapuloteni otumiza uthenga wa kutupa) amene amakhuthalitsa khungu, monga TNF, IL-17 ndi IL-6, ndi omwenso amagwira ntchito m'khoma la mtsempha wa magazi pamene mafuta akuunjikana. Pamwamba pa izi, anthu a psoriasis ambiri amakhala onenepa, osuta, a shuga ndi a BP. Akatswiri amatsutsanabe kuti gawo la kutupa palokha ndi lalikulu bwanji, koma onse amagwirizana kuti munthu wa psoriasis yaikulu ayezedwe mtima msanga. NICE, bungwe la malangizo a zachipatala la ku Britain, inanena zimenezi mu 2012, kuti ayezedwe poyamba kenako zaka zisanu zilizonse. Malangizo a cholesterol a ku America a 2018 anaika psoriasis pa gulu la zinthu zokweza chiopsezo.

Tsopano bambo wanuyu. Metabolic syndrome, gulu la mavuto okweza chiopsezo cha mtima ndi shuga, imafuna zizindikiro zitatu mwa zisanu: mimba kuyambira 94 cm kwa mwamuna kapena 80 cm kwa mkazi, triglyceride kuyambira 1.7, HDL yosafika 1.0 kwa mwamuna kapena 1.3 kwa mkazi, BP kuyambira 130/85, ndi shuga wosadya kuyambira 5.6. Iye ali nazo zonse zisanu. Mimbayo muiyezenso, osati pa mchombo, chifukwa mimba ikalendewera mchombo umatsika nawo. Tepi idutse pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, munthu ataimirira, atangotulutsa mpweya.

Cholesterol ya 4.6 isakupusitseni. Chotsani HDL, mupeza non-HDL ya 3.7. LDL, cholesterol yoipa, mungaiwerengere nokha: 4.6 kuchotsa 0.9, kuchotsanso triglyceride yogawidwa ndi 2.2, mupeza 2.6. Kawerengedwe kameneka kamalephera triglyceride ikadutsa 4.5, ndipo ngakhale pa 2.4 kamaonetsa LDL yocheperako kuposa vuto lenileni. Triglyceride yokwera ndi HDL yotsika zimayendera limodzi ndi timibulu ta LDL ting'onoting'ono koma tambiri, timene timalowa m'khoma la mtsempha mosavuta. N'chifukwa chake non-HDL kapena ApoB (puloteni yosonyeza kuchuluka kwa timibulu timeneti) zimanena zoona kuposa LDL mwa munthu wotere. ApoB kuyambira 130 mg/dL ndi yokwera.

Palinso china chimene anthu ambiri sachidziwa. Thupi likamatupa kwambiri, cholesterol yonse ndi LDL zimatsika, HDL imatsika komanso imafooka pa ntchito yake yochotsa mafuta m'mitsempha. Ndiye munthu amene nthenda yake yabuka angaonetse cholesterol yokongola pamene mitsempha ikuonongeka. Khungu likachira, nambala zimakwera, ndipo ena amaimba mlandu mankhwala. Bwerezani mafuta a m'magazi patatha miyezi itatu khungu litakhazikika, nambala imeneyo ndiye yake yeniyeni.

Powerengera chiopsezo cha matenda a mtima, gwiritsani ntchito ma chart a WHO a 2019 a chigawo cha Eastern Sub-Saharan Africa, mmene Malawi alimo. Amayambira zaka 40 mpaka 74, ndipo alipo a mitundu iwiri, ofuna cholesterol ndi ongofuna BMI. Ma chart amenewa sadziwa psoriasis kapena HIV. QRISK3, njira ya ku Britain yowerengera chiopsezo, ili ndi malo a rheumatoid arthritis ndi lupus, koma psoriasis mulibe. Malangizo a American Academy of Dermatology ndi National Psoriasis Foundation a 2019 akuti nambala imene mwapeza muichulukitse ndi 1.5 ngati nthenda yagwira 10 peresenti ya khungu kapena kupitirira, kapena ngati munthu akufunika mankhwala akumwa, obaya kapena kuwala kwa UV. Bambo wanu akukwanira mbali zonse ziwiri. Chart ikakupatsani 8 peresenti, muwerenge 12, ndipo wachoka m'gulu lina kulowa m'gulu lina.

Statin ndingamupatse, ndipo chifukwa champhamvu kwambiri ndi HIV. Kafukufuku wa REPRIEVE, wosindikizidwa mu 2023, anatenga anthu a HIV a zaka 40 mpaka 75 amene chiopsezo chawo chinkaoneka chochepa kapena chapakati, ena mwa iwo a ku South Africa, Botswana ndi Zimbabwe. Pitavastatin 4 mg tsiku lililonse anachepetsa mavuto akuluakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti. Kumene pitavastatin kulibe, atorvastatin 20 mg ndi amene amalowa m'malo, ndipo sayambana ndi dolutegravir. Simvastatin samwedwa ndi ma ARV a gulu la protease inhibitor, monga atazanavir kapena lopinavir, ndipo ngati munthu ali pa amlodipine asadutse 20 mg. ALT ya 52 siletsa statin. Timaima ikadutsa katatu malire a labu. Koma musayambitse statin ndi mankhwala akumwa a psoriasis sabata imodzi, chifukwa ALT ikakwera simudzadziwa wolakwa. Siyanitsani ndi masabata anayi kapena asanu ndi limodzi.

BP muiyeze masiku ena awiri, atakhala pansi mphindi zisanu, ndi lamba wokwanira mkono wake, chifukwa lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala. Ikatsimikizika, sankhani mankhwala a BP mosamala. Atenolol ndi propranolol amatha kubutsa psoriasis, ndiye asakhale oyamba pokhapokha pali chifukwa china champhamvu cha mtima. HCTZ, amene ambiri timayambira, amakweza uric acid ndi shuga, zonse ziwiri zili kale m'malire. Amlodipine 5 mg ndi poyambira pabwino. Losartan ali ndi ubwino woti amatsitsako uric acid. Yezaninso mkodzo, albumin poyerekeza ndi creatinine, kuyambira 3 mg/mmol ndi chizindikiro chakuti impso ndi mitsempha zayamba kuvutika. Asipirini musamupatse, sanadwalepo mtima ndipo Hb yake sitikudziwa chimene chaitsitsa.

Lipoprotein(a), kambulu kena ka mafuta a m'magazi, ngati angakwanitse, imayezedwa kamodzi pa moyo wonse chifukwa ndi ya ku mtundu. Malire ndi 50 mg/dL kapena 125 nmol/L, ndipo anthu akuda timakhala nayo yokwererapo kuposa azungu. Troponin ndi NT-proBNP, miyeso ya mtima wovulala kapena wofooka, si zoyezera munthu woyenda bwinobwino wopanda kupweteka pachifuwa kapena befu.

Ndipo fodya. Kusiya kusuta kudzamuchitira zambiri kuposa mayeso onse tatchulawa, ku mtima ndi ku khungu komwe.

Mwale_CO anayankha:

Zikomo kwambiri a Phiri ndi mayi Nabanda. Funso lina: ndinamva kuti methotrexate amateteza mtima chifukwa amachepetsa kutupa. Ngati zili choncho, si bwino kungomuyambitsa msanga kuti athandize mbali zonse ziwiri?

Nkhoma_Khungu anayankha:

A Mwale, imani kaye. Methotrexate ndi Bactrim sizimwedwa pamodzi. Pa zonse zimene mwalemba, chimenechi ndiye chingaphe munthu mwezi uno, osati cholesterol.

Methotrexate amatseka enzyme yotchedwa dihydrofolate reductase, imene maselo amafunikira kuti agwiritse ntchito folate. Trimethoprim wa mu Bactrim amatseka enzyme yomweyo, ndipo Bactrim amachedwetsanso methotrexate kutuluka kudzera mu impso. Zikakumana, mafuta a m'mafupa amaleka kupanga magazi. Maselo oyera, ofiira ndi ma platelet amagwa onse. Zimayamba ndi zilonda za m'kamwa, zilonda za pakhosi, kutentha thupi, mabala akuda pakhungu, kapena zigamba za psoriasis kusanduka zilonda zopweteka. Zachitikapo ngakhale pa mlingo wochepa wa Bactrim wongoteteza. Mankhwala obwezera ndi folinic acid, osati folic acid wamba, ndipo sapezeka paliponse. Kusiya Bactrim si chinthu choti mugamule nokha, chifukwa kwathu kuno amatetezanso ku malungo ndi matenda ena a mabakiteriya. Mukambirane ndi a kiliniki ya ma ARV, muli ndi CD4 yatsopano m'manja.

Pa funso lanu loti amateteza mtima: mwa anthu a nyamakazi ndi psoriasis, akafukufuku ongoonerera anapezadi kuti omwa methotrexate amadwala mtima mocheperako. Koma atayesa mwachindunji mu CIRT, kafukufuku wa anthu 4786 odwala kale mitsempha ya mtima amene analinso ndi shuga kapena metabolic syndrome, methotrexate 15 mpaka 20 mg pa sabata sanachepetse mavuto a mtima, ndipo CRP ndi IL-6 sizinatsike. Anthuwo CRP yawo sinali yokwera poyamba, ndiye ena amati si chithunzi cha munthu wa psoriasis. Ngakhale zili choncho, umboni woti timupatse chifukwa cha mtima palibe. Ndi ma biologic, mankhwala obaya otseka ma cytokine, nkhani ili chimodzimodzi. Mu kafukufuku wa VIP, adalimumab anatsitsa CRP ndi kuyeretsa khungu, koma kutupa kwa mtsempha waukulu wa aorta pa PET scan sikunasiyane ndi kwa omwe analandira jakisoni wopanda mankhwala. Apa mpamene muyenera kuona kuti nambala ya m'magazi ikhoza kutsika mtsempha osasintha. Khungu tichize chifukwa cha khungu ndi mfundo. Mtima uli ndi mankhwala ake amene a Phiri atchula.

Chiwindi chake nachonso chikufuna kuonedwa. Mimba ya 104 cm, triglyceride yokwera, mowa ndi ALT ya 52, nthawi zambiri ndi mafuta m'chiwindi, vuto lofala mwa anthu a psoriasis. Werengerani FIB-4, muyeso wa kuuma kwa chiwindi, ndi nambala zimene muli nazo kale: zaka kuchulukitsa ndi AST, kugawa ndi platelet yochulukitsidwa ndi square root ya ALT. Kwa iye ndi 1886 kugawa ndi 1514, mupeza 1.25. Pansi pa 1.3 chiopsezo cha kuuma kwa chiwindi n'chochepa, pamwamba pa 2.67 n'chachikulu. Iye waima pakhomo penipeni, ndiye ultrasound ndi yoyenera, kapena FibroScan kumene ilipo. Yezani hepatitis B ndi C. Akapezeka ndi B, kumbukirani kuti tenofovir ndi lamivudine za mu TLD zikuipondereza kale, ndipo ma ARV akadzasinthidwa popanda kuganizira zimenezi chiwindi chingabuke.

Creatinine ya 98 ikupereka eGFR, muyeso wa mmene impso zikusefera magazi, yopitirira 80 pang'ono. Dolutegravir ndi trimethoprim onse amakweza creatinine pang'ono pomutsekera njira yotulukira m'timachubu ta impso, impso zili bwinobwino. Tenofovir yekha ndiye angaononge impso zenizeni, ndipo chizindikiro chake choyamba chimakhala puloteni kapena shuga mu mkodzo. Dipstick ya mkodzo ikuuzani zambiri pamenepa.

Nanga mankhwala ena? Acitretin safooketsa chitetezo cha thupi, n'chifukwa chake amakondedwa mwa anthu a HIV. Amayambira pa 10 mpaka 25 mg tsiku lililonse, pomwa ndi chakudya. Vuto lake ndi lomwe bamboyu ali nalo kale, amakweza triglyceride ndipo amatha kukweza ALT. Muyeze mafuta ndi chiwindi asanayambe, kenako masabata awiri kapena anayi alionse kwa miyezi iwiri, kenako miyezi itatu iliyonse. Triglyceride ikadutsa 5 mmol/L chitanipo kanthu, ikadutsa 10 musiyitse chifukwa kapamba (pancreas) angatupe. Mowa ausiye, asapereke magazi ali pa mankhwalawa mpaka zaka zitatu atasiya, ndipo kwa mayi wa msinkhu wobereka mankhwalawa amalumalitsa mwana m'mimba mpaka zaka zitatu zomwezo. Ciclosporin kwa bamboyu ayi. Amakweza BP, creatinine, uric acid ndi mafuta, amalimbana ndi tenofovir pa impso, ndipo ndi statin amatha kuononga minofu. Ma biologic a TNF amafuna kuyeza TB kaye, ndipo sapatsidwa kwa munthu amene mtima wake wafooka kwambiri.

Mumufunse mwachindunji ngati amagula prednisolone ku famase kapena kubayitsa steroid. Ambiri amatero ndipo sanena. Khungu limayera masiku ochepa, akasiya limabuka koposa, nthawi zina ndi timatuza ta mafinya thupi lonse. Steroid amakwezanso shuga, BP ndi neutrophil, n'kutsitsa CRP ndi lymphocyte, ndiye pepala lonse la magazi limasokonekera. Mafuta amphamvu monga clobetasol opaka malo aakulu kwa miyezi yambiri nawo amalowa m'magazi.

Uric acid ya 470 yadutsa malire a 420 a mwamuna. Mu psoriasis maselo a khungu amasinthana pa masiku atatu mpaka asanu m'malo mwa pafupifupi mwezi, ndipo zotsalira zake zimasanduka uric acid. Onjezerani kunenepa, mowa, zam'mimba za mbuzi ndi usipa wochuluka. Ngati sanatupepo chala chachikulu chakuphazi, allopurinol, mankhwala otsitsa uric acid, safunika. Koma mfundo zake muzifufuze, chifukwa pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a psoriasis amadzadwala nyamakazi yake. Funsani za kuuma thupi m'mawa kopitirira mphindi 30, chala chotupa chonse ngati soseji, kupweteka kwa chidendene, msana wopweteka usiku umene umapepuka akayamba kuyenda, ndipo onani zikhadabo ngati zili ndi timaenje kapena zikutukuka. CRP yabwino siichotsa nyamakazi ya psoriasis, odwala ambiri CRP yawo siikwera n'komwe.

Chomaliza ndi kayezedwe ka khungu. Chikhatho chimodzi cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti, mwachita bwino pamenepo. Koma pa khungu lakuda kufiira sikuoneka, zigamba zimakhala zotuwa kapena zodera ngati biringanya. PASI, muyeso wa kukula kwa psoriasis, imapereka mapointi pa kufiira, ndiye anthu athu amalandira nambala yocheperako kuposa nthenda yawo. Khudzani ndi chala, mumve kukhuthala kwa chigamba. Madontho akuda osalala otsala khungu litachira musawawerengere.

Gondwe_MLT anayankha:

Bwanji osangogwiritsa ntchito NLR, neutrophil kugawa ndi lymphocyte? Ndi yaulere, imachokera pa full blood count. Apa ndi 2.1 kugawa ndi 1.9, mupeza 1.1, yotsika kwambiri. Mapepala ambiri akuti imakwera mu psoriasis ndipo imalosera matenda a mtima. Kwa ine izi zikusonyeza kuti kutupa kwa bamboyu si kwakukulu.

Nabanda_Labu anayankha:

A Gondwe, kuwerengera kwanu n'kolondola koma kumasulirako ndikukana. N'zoona kuti pa gulu la anthu ambiri, NLR ya a psoriasis imakhala yokwererapo kuposa ya anthu ena, ndipo imatsika akalandira chithandizo. Koma palibe malire amodzi ogwirizanidwa oti tiyezere munthu mmodzi, ndipo akafukufuku ambiri a nkhaniyi anachitika ku Turkey, China, Japan ndi Korea. Ambiri a ife a kum'mwera kwa Sahara tilibe Duffy antigen pa maselo ofiira, chibadwa chimene chimateteza ku malungo a vivax. Chibadwa chomwechi chimachititsa kuti neutrophil za m'magazi zikhale zochepa munthu ali bwinobwino, ena mpaka pansi pa 1.5. Nambala ya pamwamba ikakhala yochepa mwachibadwa, NLR imatsika ngakhale thupi likutupa. Ya pansiyo, lymphocyte, HIV imaisintha. Bactrim naye amatha kutsitsa neutrophil. Ndiye 1.1 ya bamboyu singatitonthoze. Ingathandize poyerekeza munthu yemweyo lero ndi miyezi itatu ikubwerayi, pa makina omwewo, basi.

MPV (kukula kwa ma platelet) ndi PLR (platelet kugawa ndi lymphocyte) zili ndi vuto lofanana, ndipo MPV ili ndi lina. Ma platelet amafufuma akakhala mu chubu cha EDTA, ndiye magazi oyezedwa patatha maola awiri amapereka MPV yaikulu kuposa oyezedwa nthawi yomweyo. Homocysteine, muyeso wina wa m'magazi wokhudzana ndi folate, nayo musataye nayo ndalama. Methotrexate amaikweza, folic acid amaitsitsa, ndipo folic acid mudzamupatsa ndithu kaya mwayeza kaya ayi.

A Mwale, neutrophil ya 2.1 muilembe poonekera ngati poyambira pake. Bactrim akadzasiyidwa mwachilolezo ndipo methotrexate n'kuyambika, mudzayerekeza ndi nambala imeneyi, osati ndi malire osindikizidwa pa pepala la makina ochokera kunja. Full blood count, ALT ndi creatinine zibwerezedwe sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse poyamba ndi pamene mlingo wasintha, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Pa botolo mulembe dzina la tsiku, mwachitsanzo Lolemba, chifukwa imfa zambiri za methotrexate zimachokera pa kumwa tsiku lililonse mankhwala a kamodzi pa sabata. Folic acid 5 mg amwe tsiku lina, osati lomwelo. Magazi oyeza chiwindi atengedwe tsiku limodzi kapena awiri mlingo wotsatira usanafike. Mukatenga mawa lake atangomwa, ALT imakhala itakwera kwakanthawi, ndipo mudzasiyitsa mankhwala popanda chifukwa.